Mmene mungasandutsire buku lakale la wofufuza milandu kukhala filimu ya kwathu ku Angónia

Ku Ulongwe, ku Domwe, ku Furancungo mpaka ku Moatize kuli magulu a zisudzo a m'matchalitchi ndi m'masukulu omwe tsopano akujambula ndi foni. Osewera alipo aluso, ndipo malo okongola ojambulira sitisowa. Chimene chimafooketsa mafilimu athu ambiri ndi nkhani yosamangika: woonera amadziwa kale mathero mphindi zisanu zisanathe. Mabuku akale a ofufuza milandu ali ndi mankhwala a vuto limeneli, chifukwa olemba ake ankadziwa kumugwira munthu ndi funso limodzi, loti wapha ndani, mpaka tsamba lomaliza. Malangizo awa ndi a gulu lomwe likufuna kutenga buku lotere n'kulijambula m'Chichewa, ndi anthu a kuno, pa ndalama zochepa. Ndigwiritsa ntchito buku limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, The Hound of the Baskervilles la Arthur Conan Doyle, lomwe linatuluka pang'onopang'ono m'magazini ya Strand mu 1901 ndi 1902. Ndiulula mathero ake, chifukwa popanda kutero ntchitoyi siingaphunzitsike.

Yambani ndi buku lomwe lamulo likukulolani

Lamulo la Mozambique limateteza ntchito ya wolemba moyo wake wonse ndi zaka zina 70 atamwalira. Conan Doyle anamwalira mu 1930, choncho nkhani zake zonse za wofufuza milandu Sherlock Holmes, mabuku 4 aatali ndi nkhani zazifupi 56, ndi zomasuka. G. K. Chesterton, amene analemba za wansembe wofufuza milandu Father Brown, anamwalira mu 1936, nayenso ndi womasuka. Koma Agatha Christie anamwalira mu 1976, ndiye mabuku ake akadali otetezedwa kuno mpaka kutha kwa 2046. Musamukhudze popanda chilolezo, ngakhale mutasintha maina onse.

Pali misampha iwiri. Buku lomwe mwapeza m'Chipwitikizi linamasuliridwa ndi munthu, ndipo womasulirayo ali ndi umwini wake pa mawu omwe anasankha. Liwerengeni kuti mumve nkhani, koma zokambirana za m'filimu yanu mulembe nokha. Wachiwiri, zomwe mafilimu ena anawonjezera pa nkhaniyi ndi za eni mafilimuwo. Mukaonera Holmes wa BBC wa 2010 kapena wa Jeremy Brett wa pakati pa 1984 ndi 1994, muonere kuti muphunzire, osati kuti mutoleko zochitika kapena nyimbo.

Werengani kawiri, kachiwiri muyambire kumapeto

Ulendo woyamba werengani ngati munthu wamba, ndipo paliponse pomwe mtima wagunda ikani chizindikiro m'mbali mwa tsamba. Ulendo wachiwiri yambani ndi mutu womaliza, pomwe wofufuza akufotokoza zonse, kenako mubwerere m'mbuyo kufufuza pomwe wolemba anabisa chilichonse chomwe chatchulidwa m'kufotokozako.

Mukatero tengani mapepala awiri aakulu. Pa loyamba lembani zomwe zinachitikadi, motsatira nthawi yake. M'buku lathuli zili motere. Munthu wotchedwa Stapleton ndi mwana wa mng'ono wake wa Sir Charles Baskerville, koma palibe akudziwa. Wasamukira pafupi ndi nyumba ya banjali ndi dzina labodza, ndipo mkazi wake akumutchula kuti mlongo wake. Wamva nthano yakale yoti banjali limasakidwa ndi galu wa kumidima, wamvanso kuti Sir Charles ali ndi mtima wofooka. Wagula galu wamkulu, wamubisa pakati pa chithaphwi choopsa, wamupaka mankhwala owala usiku. Wanyengerera mayi wina kuti alembe kalata yoitanira Sir Charles pa geti usiku, ndipo mkuluyo wafa ndi mantha akuthawa galuyo. Tsopano watsala Sir Henry, mwana wa mng'ono wina wa Sir Charles, amene wabwera kuchokera ku Canada kudzalowa m'malo.

Pa pepala lachiwiri lembani zomwe owerenga akuuzidwa, motsatira nthawi yomwe akuzimva. Mudzaona kuti mapepala awiriwa akusiyana kwambiri, ndipo luso lonse la nkhani zofufuza lagona pa kusiyanako. Pepala loyamba musalisinthe mwachisawawa. Lachiwiri ndi lanu, mukhoza kulisanja mwatsopano.

Samutsani chifukwa chophera musanasamutse china chilichonse

Apa ndi pomwe ndikupempha kuti mukhalitse, ngakhale sabata yathunthu. Ambiri amathamangira kusintha maina ndi zovala, Sir Henry n'kukhala mnyamata wochokera ku Joni, n'kuganiza kuti amaliza. Koma woonera wa ku Tsangano akafunsa mumtima kuti munthuyu akupheranji anzake, yankho liyenera kumveka malinga ndi moyo womwe iye akuudziwa.

M'buku, chuma ndi dzina la banja zikuyenda kudzera mwa amuna. Stapleton akupha chifukwa ndi mwana wa mchimwene wa womwalirayo, ndipo anthu awiri akachoka chuma chonse chikhala chake. Pakati pa Achewa zinthu siziyenda choncho. Ufumu ndi udindo wa mwini mbumba zimapita kwa mwana wa mlongo, ndipo amayi akuluakulu a mbumba ali ndi mawu pa yemwe alowe. Mwana wa mchimwene ali ndi kwawo kwina, kwa amayi ake. Mukangokopera buku, wakupha wanu adzakhala akuphera chinthu chomwe sangachipeze, ndipo agogo omwe akhala kutsogolo adzazindikira zimenezi msanga kuposa inu. Pakati pa mabanja a Chingoni omwe amalowola, mzere wa abambo uli ndi mphamvu, kotero nkhani ya m'buku ikhoza kuyenda mosavuta. Ku Angónia miyambo iwiriyi yakhalira limodzi zaka zambiri ndipo m'midzi ina yasakanikirana. Sankhani mudzi umodzi m'maganizo mwanu, khalani pansi ndi akuluakulu a mudzi wonga umenewo, muwafunse kuti mwini ng'ombe akamwalira wopanda mwana, ndani amatenga chiyani, ndipo amagamula ndani.

Ine ndingasankhe banja la Chichewa, wakupha n'kukhala mwana wa mlongo amene anasowa kalekale. Ndiye funso lina ndi loti akulimbirana chiyani. Malamulo a dziko lino amati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa, choncho nkhani yoti wina akufuna kulanda malo kuti akagulitse ndi yofooka. Khola lodzaza ng'ombe, chigayo, ngolo, madimba a mbatatesi a m'mbali mwa mtsinje ndi mpando wa ufumu, izi ndi zinthu zomwe aliyense akudziwa kuti abale amadanirana.

Palinso bowo lomwe Conan Doyle yemwe analiona. M'mutu womaliza Watson, mnzake wa Holmes, akufunsa kuti Stapleton akanatenga bwanji chumacho, poti wakhala pafupi ndi dzina labodza, ndipo Holmes akungopereka njira zitatu zongoganizira. Kwathu bowo limeneli ndi lalikulu koposa, chifukwa munthu salowa ufumu ndi pepala. Ayenera kuzindikiridwa ndi mbumba. Choncho m'filimu yanu payenera kukhala munthu mmodzi wachikulire yemwe akudziwa kuti mnyamatayu ndi ndani, amene wakuphayo akumusunga bwino kuti adzamuchitire umboni tsiku likadzafika. Mayi wokalambayu mulibe m'buku. Muwonjezereni, ndipo mudzapeza kuti iye ndi amene adzanyamule chisoni chonse cha nkhaniyi, poti akukonda mwana wa m'bale wake osadziwa zomwe akuchita usiku.

Sankhani chaka ndi malo

Foni ya m'manja imapha nkhani zakale zambiri. Munthu wosochera m'nkhungu lero amangoimba. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kubweretsa nkhani m'masiku ano n'kusintha zomwe anthu amaopa, monga anachitira a BBC mu 2012, pomwe nkhani yomweyi anaiika pafupi ndi malo obisika a asilikali ochitirako kafukufuku. Yachiwiri ndi kubwerera m'mbuyo. Kusamutsa nkhani dziko si chinthu chachilendo. Akira Kurosawa mu 1963 anatenga buku la ku America la Ed McBain n'kulijambula ku Yokohama, ndipo filimuyo ndi ya Chijapani kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Kwa ife, chaka chomwe chikuyenerana ndi nkhaniyi ndi 1994. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira anthu ochuluka omwe anathawira ku Malawi, ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza, anali kubwerera m'midzi mwawo. Mabanja anali atabalalika, ana anakulira kutali ndi amalume awo, ambiri analibe mapepala. Nthawi yotere munthu akhoza kufika pamudzi ndi dzina lina, palibe angadabwe. Wolowa m'malo wathu nayenso akhoza kukhala mnyamata yemwe sanaonepo mudzi wa makolo ake chikulire.

Chithaphwi chomeza anthu cha m'buku chilinso ndi m'bale wake m'chaka chimenecho: thengo lokhala ndi mabomba okwirira, lomwe aliyense amalizungulira, koma munthu mmodzi yekha akudziwa kanjira kodutsamo. Dziko lathu linalengeza kuti lachotsa mabomba onse odziwika mu 2015, ndipo alipo anthu pakati pathu omwe anataya miyendo kapena abale. Nkhaniyi muigwire ndi ulemu. Musaonetse kuphulika pofuna kusangalatsa, ndipo musaloze chipani chilichonse chala. Kachikwangwani kofiira pamtengo ndi mbuzi yomwe yalowa osabwerera ndi zokwanira.

Kubwerera ku 1994 kuli ndi mtengo wake. Musanajambule paliponse yendani ndi diso lofufuza: nsanja za netiweki, masola a padenga, njinga zamoto za masiku ano, malaya a matimu a mpira a posachedwa, ndalama za metical zomwe zinasinthidwa mu 2006. Wapolisi wofufuza milandu wa nthawi imeneyo anali wa PIC, chifukwa SERNIC inabwera mu 2017. Zinthu zazing'ono zotere anthu omwe analipo amaziona.

Wofufuza ndi mnzake

Chipewa chotchuka cha Holmes chinachokera m'zithunzi za wojambula Sidney Paget, ndipo pano chilibe ntchito. Funsani kuti pamudzi ndani angalowe m'nyumba iliyonse, kufunsa mafunso, anthu osamuthamangitsa. Mphunzitsi wopuma, namwino wa pachipatala chaching'ono, katekisiti, wapolisi wakale. Pa nkhani inoyi ndingasankhe mlangizi wa ziweto, munthu wobaya ng'ombe katemera, chifukwa amadziwa mapazi a nyama ndipo khola lililonse limamutsegulira. Akhale wochokera kwina, mwina ku mzinda wa Tete, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chinyungwe. Paja akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Mnzake wa wofufuza ali ndi ntchito imodzi yaikulu, kufunsa zomwe woonera akufuna kufunsa. Musamusandutse chitsiru choseketsa anthu. Akhale wanzeru ngati woonera wabwino, wongochedwa pang'ono. Akhoza kukhala mayi, monga namwino, ndipo zimenezi zimathandiza, poti iye adzamva zokambidwa pamtondo ndi pachitsime zomwe mwamuna sangazimve.

Bukuli lili ndi vuto lomwe aliyense wolijambula amakumana nalo. Mwa mitu 15, Holmes saoneka m'mitu ingapo yapakati. Amanamizira kuti watsala ku London pomwe akubisala m'kanyumba ka miyala kuthengo, ndipo nkhani imayenda kudzera m'makalata ndi zolemba za Watson. Pa kanema, wosewera wanu wamkulu akasowa nthawi yaitali choncho anthu amatopa. Fupikitsani kusowako kukhale gawo limodzi lokha, ndipo mkati mwake muzionetsa munthu wosadziwika ataima pa thanthwe kutali, kamnyamata kakupita ndi kambale ka nsima kuphiri. Akadzaululika, woonera adzakumbukira kambale kaja.

Chizindikiro chilichonse chikhale chooneka ndi maso

Wolemba buku akhoza kubisa chinthu pakati pa chiganizo chachitali. Kamera ilibe mwayi umenewo. Ikayandikira chinthu, aliyense amadziwa kuti n'chofunika, ndipo ikapanda kuchionetsa, woonera amamva kuti waberedwa pomwe wofufuza akuchitchula kumapeto. Lamulo lomwe olemba nkhani zotere ankalitsatira, lomwe Ronald Knox analilemba m'malamulo ake khumi mu 1929, ndi loti wofufuza asapeze chizindikiro chomwe owerenga sanapatsidwe. Pa filimu zikutanthauza kuti chilichonse chioneke, koma maso a woonera akhale atatanganidwa ndi china.

Tengani pepala lachitatu, mulembe zizindikiro zonse, ndipo pambali pa chilichonse mulembe kuti chioneka liti, ndani achigwire, ndipo n'chiyani chidzakope maso nthawi yomweyo.

Nsapato ndi chizindikiro chabwino kuposa zonse m'bukuli, ndipo chimasamuka chosasintha. Sir Henry ali pa hotela, nsapato yake yatsopano imodzi ikusowa, kenako ikusowa yakale, yatsopano ija n'kubwezedwa. Chifukwa chake n'choti yatsopano ilibe fungo la mwini wake, ndipo galu amafuna fungo. Inu ikani mnyamata wanu pa pensão ku Tete, pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, akudikira galimoto ya ku Angónia. Kusowa kwa nsapato mukusewere ngati nthabwala, iye akukangana ndi wantchito wa pa pensão, anthu aseke. Woseka sasunga chinthu ngati umboni, koma amachikumbukira.

Phulusa la ndudu lomwe linagwa kawiri pa geti, kusonyeza kuti womwalirayo anaima nthawi akudikira munthu, lisanduke tizidutswa tiwiri ta chingambwe pa chipata cha khola. Chithunzi cha kholo lakale chomwe chikufanana ndi Stapleton chisanduke chithunzi cha ukwati chopachikidwa m'nyumba ya mfumu. Jambulani wosewera yemweyo atavala mpango ndi zovala za mayi wakale, kapena pezani mayi wofanana naye, musindikize chakuda ndi choyera, muchisiye padzuwa masiku angapo kuti chifwifwe. Chipachikeni kuyambira gawo loyamba kumbuyo kwa anthu akamakambirana, kamera isachiyandikire mpaka nthawi yake.

Galu wa kumidima, kwathu ndi fisi. Aliyense anakula akumva za fisi wotumidwa. Apa mlangizi wa ziweto uja akupeza ntchito yake. Phazi lakutsogolo la fisi ndi lalikulu moonekeratu kuposa lakumbuyo, zala zake n'zokhota ndi zothinana, ndipo ndowe zake zimayera zikauma chifukwa cha mafupa omwe amadya. Wofufuza wanu agwade pa mapaziwo, ayeze ndi kamtengo, asanene kanthu. M'gawo lina afunse mbusa wa ng'ombe ngati waonapo ndowe zoyera kuthengo, mbusayo akane. Woonera watcheru wapatsidwa zonse zoti adziwire kuti chilombocho ndi galu. Pitani kwa alenje akale akujambulireni mapaziwo pansi musanapange anu.

Pano ndiyenera kunena chinthu chomwe chili pamtima panga. M'midzi mwathu agogo ambiri avutika, ena kuthamangitsidwa, chifukwa chonamiziridwa ufiti. Mphamvu ya buku ili ndi yoti choopsa chomwe anthu ankati n'chamizimu chikupezeka kuti ndi dyera la munthu wooneka bwino, wolankhula mwaulemu. Musataye mphamvu imeneyi. Ngati m'filimu yanu mudzi ukuloza gogo wina kuti ndiye mwini fisi, mathero amuyeretse poyera, pabwalo, pamaso pa omwe ankamuloza. Ndipo wakupha asakhale sing'anga kapena munthu wa nkhope yoopsa. Akhale uja amathandiza aliyense kukonza njinga.

Dulani, kenako lembani

Bukuli lili ndi mawu pafupifupi 60,000. Tsamba limodzi la sewero lolembedwa bwino limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Poti anthu ambiri adzaonera pa foni, kudzera pa WhatsApp, pa YouTube kapena pa memori khadi, ndikulangiza magawo 6 a mphindi 15, omwe ndi masamba 90 onse pamodzi. Zambiri za m'buku zitsala, ndipo palibe cholakwika.

Phatikizani anthu. Dokotala wa m'buku yemwe wabweretsa nkhani kwa Holmes akhoza kukhala yemweyo mnzake wa wofufuza. Mkulu wokonda milandu ya kukhoti yemwe ali m'bukumu achoke, mwana wake wamkazi wolemba kalata atsale. Oganiziridwa asapitirire asanu, ndipo aliyense akhale ndi chinsinsi chake chomwe sichikukhudzana ndi kupha. Wantchito wa pakhomo ndi mkazi wake omwe amayatsa nyali usiku akubisa mlongo wa mayiyo amene wathawa kundende. Chinsinsi chimenechi chisungeni, chifukwa chimasocheretsa woonera mwachilungamo, ndipo wothawayo ndi amene adzafe atavala zovala zakale za wolowa m'malo, galu atatsata fungo.

Gawo lililonse lithe ndi funso latsopano. Loyamba lithere pa mapazi a chilombo pambali pa mtembo, lachiwiri pa nsapato yakale yosowa, lachitatu pa nyali yoyankha kuchokera kuphiri, lachinayi pa mtembo wovala jekete lodziwika, lachisanu pa chithunzi cha ukwati.

Zolemba za Watson zisandutseni zochitika. Pomwe buku likuti iye anamva mayi akulira usiku, m'mawa wantchito n'kukana, inu lembani motere. Namwino akusamba m'manja pakhonde, mayi wa pakhomo akubwera ndi tiyi, maso ali otupa. "Mwadzuka bwanji, mayi? Usiku ndinamva ngati wina akulira." Mwamuna wake akuyankha ali chogwada pa mbaula, osatembenuka: "Ndi mphepo imeneyo, anamwino. Kuno imalira choncho." Mayiyo akuika kapu pansi, dzanja likunjenjemera. Palibe wofotokoza, koma woonera wadziwa kuti wina wanama.

Samalani mmene anthu akuitanirana. Mnyamata wobwera kuchokera kutali akalephera kugwada kapena kuwomba m'manja pamaso pa afumu, zimenezo zikunena za moyo wake kuposa mawu. Wakupha akhale wodziwa mwambo kuposa mmene mlendo angadziwire, ndipo tsiku lina alakwitse, atchule mayi wokalamba uja kuti "amayi aang'ono" pomwe aliyense amati "agogo". Namwino amve, adabwe pang'ono, nkhani ipitirire. Kwa chefe do posto anthu alankhule Chipwitikizi monga zimakhalira, mulembe mawu a Chichewa pansi.

Kujambula

Musanatulutse kamera pitani kwa afumu a mudzi ndi kwa akuluakulu a boma a deralo, muwauze nkhani yonse, makamaka poti muli maliro ndi fisi. Yunifomu ya apolisi musavale popanda chilolezo chawo. Kumanda ndi kudambwe musajambuleko, pangani manda anu pamunda. Ndipo ngakhale wina m'gulu atanena kuti zikhala zoopsa bwino, chigoba cha Gule Wamkulu chisakhale chobisalira wakupha. Gule ali ndi eni ake, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia.

Nkhungu ya ku Angónia ndi Tsangano m'miyezi ya Juni ndi Julayi ndi mphatso yaulere, koma imachoka dzuwa likangokwera. Konzani zonse madzulo, osewera agone pafupi, muyambe kusanache. Za ku mzinda wa Tete jambulani m'miyezi yomweyo, poti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo foni imazima yokha. Zochitika za usiku jambulani dzuwa litangolowa, kukadali kuwala pang'ono kumwamba, muwonjezere nyali ya parafini kapena tochi. Mdima weniweni pa foni umangotulutsa chithunzi chakuda cha timadontho.

Ndalama yoyamba yomwe mwapeza igule maikolofoni yaing'ono yomata pa malaya. Anthu amakhululukira chithunzi chosaoneka bwino, koma m'nkhani yofufuza liwu limodzi likapita ndi mphepo, chizindikiro chatayika. Pamalo aliwonse jambulaniko mphindi imodzi ya phokoso la pamalopo anthu onse ali chete, idzakuthandizani polumikiza.

Munthu mmodzi asakhale ndi ntchito ina koma kope ndi foni yojambulira zithunzi za chilichonse: nsapato yasowa ndi ya kumanja kapena kumanzere, chithunzi chapachikidwa mbali iti, jekete lang'ambika pati. M'filimu ya chikondi kulakwitsa zotere n'kochepa. M'filimu yofufuza woonera amayesa kuti ndi chizindikiro, ndipo amakwiya akapeza kuti kunali kuiwala chabe.

Galu musamupake mankhwala alionse owala. Phosphorus wotchulidwa m'buku ndi poizoni ndipo amatentha khungu. Mawanga a makala osungunula m'madzi ndi okwanira, mwini galu akhale pomwepo, ndipo galuyo athamangire chakudya chomwe wabisa wosewera. Muonetseni pang'ono kwambiri: maso awiri owala ndi tochi, msana ukudutsa mu udzu, ng'ombe zikubalalika m'khola. Thupi lonse lionekere kamodzi kokha, m'gawo lomaliza.

Kuulula, ndi kuyesa pa anthu

M'mabuku ambiri wofufuza amakhala pampando n'kufotokoza masamba khumi. Ife tili ndi malo abwino kuposa chipinda, bwalo la afumu, pomwe mlandu umakambidwa anthu onse akumva ndipo aliyense akhoza kufunsa. Wofufuza asalankhule yekha. Aike nsapato pansi, aitane mbusa anene za ndowe, namwino akumbutse za "amayi aang'ono" aja, chithunzi chitsitsidwe pakhoma chidutse m'manja mwa amayi a mbumba. Nthawi iliyonse chizindikiro chikatchulidwa, bwezerani kachidutswa komwe woonera anakaona kale, masekondi awiri kapena atatu, osajambula katsopano. Kuulula konse kusapitirire mphindi 6.

Mukalumikiza magawo onse, musawatulutse msanga. Itanani anthu khumi omwe sanawerenge bukuli ndipo sanakhale nawo pojambula, achinyamata ndi achikulire, amayi ndi abambo. Aonetseni magawo asanu, muimitse, aliyense anene mwamseri yemwe akumuganizira ndi chifukwa chake. Onse akalondola, zizindikiro zanu zikufuula, chepetsani nthawi yomwe kamera yaima pa chithunzi kapena chotsani kuyandikira kumodzi. Akalephera onse, ndipo ataona gawo lomaliza n'kunena kuti sakanadziwa, wonjezerani mphindi pomwe pabisika kwambiri. Chomwe mukufuna ndi awiri kapena atatu olondola, ena onse n'kugwira pakamwa akaona nsapato ija. Afunseninso achikulirewo funso limodzi padera, ngati munthu wotereyu akanalowadi m'malo mwa amalume ake malinga ndi mwambo wa mudziwo. Akakayika, bwererani ku gawo lachiwiri, muwonjezere kukambirana kwa amayi a mbumba komwe kukufotokoza za mlongo wosowa uja, kenako muitane anthu ena khumi atsopano.